Tsiku Lokankhira Combo M'nyanja

Ku Tana Beru, pa cisumbu ca Sulawesi m'dziko la Indonesia, zombo zamatabwa zochedwa pinisi amazikhoma pamcenga popanda pulani yolembedwa. Zonse zili m'mutu mwa mmisiri wamkulu. Mu 2017 bungwe la UNESCO linalemba lusoli m'gulu la cuma ca anthu onse.

Cimene cimatikhudza ife ndi tsiku lokankha. Mmisiri amayamba waboola mcombo pa mtanda wapansi, pakuti kwa iye comboco ndi mwana wake. Akapha mbuzi kapena ng'ombe, amuna amayala mitengo pamcenga, nakoka ndi zingwe ndi maunyolo, pang'onopang'ono, nthawi zina kwa masiku angapo. Cikangopendekeka, thukuta la miyezi yambiri lapita pacabe, ndipo oyala mitengo aja ali m'munsi mwake.