Chinsinsi cha mlatho wolimba chili m'makona atatu

Anthu a kwa Mfumu Yaikulu Mbenje amadziwa bwino kufunika kwa mlatho. Kuyambira mu 1997, pamene madzi osefukira anakokolola njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo, ulendo wopita kutsidya kwa Shire unasanduka wa pa bwato. Popeza ndalama zachitukuko n'zochepa, funso la wadi iliyonse n'lakuti: kodi mlatho ungalimbe bwanji popanda kudya ndalama zambiri?

Ophunzira uinjiniya m'mayiko ambiri amayankha funsoli popanga timilatho ta timitengo ndi guluu. Kamtengo kalikonse kamawerengedwa ngati ndalama, ndipo wopambana ndi amene kamlatho kake kasenza katundu wolemera pa ndalama zochepa.

Pafupifupi onse amathamangira ku makona atatu. Munthu akakhomerera mitengo inayi ngati felemu ya chitseko n'kuikankha, imapendekeka. Koma akakhomerera itatu, sisintha maonekedwe pokhapokha umodzi utathyoka. Nzeru imeneyi ndi yomwe akalipentala amagwiritsa ntchito pa denga la tchalitchi. Pa mlatho wotere, galimoto ikamadutsa, zitsulo zam'mwamba zimapanikizika, zam'munsi zimakokeka, ndipo zopingasa zimapatsirana kulemerako mpaka kukafika pa zipilala. Motero zitsulo zochepa zimasenza katundu wochuluka.

Chitsanzo chili pafupi. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, pakati pa Sena ndi Mutarara ku Mozambique, unatsegulidwa mu 1935 kuti sitima zochokera kuno zizifika ku Beira. Kutalika kwake kumaposa makilomita 3.5, ndipo mbali yaikulu ndi zitsulo zolukana m'makona atatu.

Phunziro kwa anthu a m'wadi n'lakuti pa mlatho wotere palibe chitsulo chokongoletsera. Wozula bawuti kapena chitsulo chimodzi kuti akakonzere ngolo amasenzetsa zotsalazo katundu woposa mphamvu yake, ndipo ngozi idzagwera mayi wodwala kapena mwana wa sukulu.

Komanso kupulumutsa ndalama kumachitika pojambula pulani, osati pochepetsa simenti kapena kufupikitsa maziko. M'chigwa chino milatho yambiri imagwa chifukwa madzi akumba pansi pa zipilala. Choncho makomiti a VDC ndi ADC ayenera kuyendera milatho mvula isanayambe, ndi kudziwitsa khansala kapena ofesi ya zomangamanga ku khonsolo akaona ming'alu, dzimbiri kapena chitsulo chosowa.