Kamzere kofiira koonetsa malungo ndi golide

CHADIZA: Mvula ikayamba mu November, amai obereka ana otentha thupi amaculuka pa cipatala ca Chadiza. Nesi amabaya cala ca mwana, nadontheza magazi pa kacipangizo koyera ka pulasitiki. Pakapita mphindi 15 kapena 20, yankho latuluka.

Ambiri amayesa kamzere kofiira kamene kamaonekako ndi magazi. Pa zoyezera zambiri, kamzereko ndi golide weniweni.

Golideyu ali m'timibulu tosaoneka ndi maso, ta mananomita ngati 40. Timibulu pafupifupi 2,000 titandondozana ndiye tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Golide akacepa motere sakhalanso wacikasu, amafiira.

Michael Faraday anapanga madzi ofiira a golide ku London mu 1857. Mu 1951 John Turkevich ndi anzace pa Princeton University ku America anasonyeza njira yopangira timibulu tofanana msinkhu, powiritsa madzi okhala ndi golide pamodzi ndi mankhwala ochedwa citrate. Pambuyo pace akatswiri ena anaphunzira kumata pa timibuluto asilikali a m'thupi ogwira cinthu cimodzi cokha.

Kacilombo ka malungo oopsa, Plasmodium falciparum, kamatulutsa m'magazi cizindikiro cochedwa HRP2. Timibulu ta golide timacigwira, kuyenda naco pa kapepala ka m'kati, ndi kuunjikana pamalo amodzi mpaka kufiira kuonekera. Mizere iwiri ndiye kuti malungo alipo. Mzere umodzi wa pa C ndiye kuti sanapezeke. Wa pa C ukapanda kutuluka, cipangizoco ncoonongeka ndipo ayenera kupimanso.

Bvuto limabwera yankho likakhala lakuti palibe malungo. Makolo ena amacoka okwiya, nakagula Coartem pa sitolo, pamene mwana akudwala cibayo kapena matenda a m'khutu ofuna mankhwala ena. Masiku amene atayika pamenepo ndi amene cibayo cimakulira. Nci cifukwa cace mu 2010 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti aliyense womuganizira malungo apimidwe asanamwe mankhwala.

Cinanso ncakuti HRP2 imatsalira m'magazi kwa milungu ingapo munthu atacira. Mwana amene anamaliza Coartem posacedwa angaonetsebe mizere iwiri, motero mai ayenera kuuza nesi tsiku limene mwanayo anamwa mbulu wotsiriza.