Mpopi ukadontha, yambani mwaona kalabala

Amene tinalima kuno ku Kaumbwe m'chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, sitifunika kuuzidwa mtengo wa madzi. Komabe m'madimba ndi m'makomo ambiri okhala ndi thanki mupeza mpopi ukudontha usana ndi usiku, pakamwa pake atamangapo nsanza. Tsiku lili ndi masekondi 86,400, ndipo dontho limodzi pa sekondi likhoza kutaya madzi oyandikira chigubu cha malita 20. Wokayika atchere chidebe madzulo, akaone mmawa.

Kawirikawiri mpopi wotere sunafe ayi. Chimene chatha ndi kalabala kozungulira, kamene amisiri amati washa, kokhala kunsi kwa chitsulo chomwe chimatsika mukamapotoza chogwirira. Kalabalako kamakanikiza pakhomo podzera madzi. Mchenga wochokera m'chitsime umakadya pang'onopang'ono, koma wokapha msanga ndi dzanja la munthu amene amatseka mpopi ndi mphamvu zonse ngati akumanga goli.

Musanamasule kanthu, onani potulukira madziwo. Ngati akudontha pakamwa mpopi uli wotseka, vuto ndi washa. Tsekani madzi ku thanki, tsegulani mpopi kuti otsala atuluke, ndipo masulani mutu wake ndi sipanala, dzanja lina litagwira thupi la mpopi kuti paipi isapotoke. Pa sitepe iyi ndi pamene ambiri amathyola paipi ya pulasitiki, ntchito ya mphindi khumi n'kusanduka ya tsiku lonse. Chotsani washa wakale mupite naye kusitolo ya zitsulo ku Petauke kapena ku Nyimba, chifukwa mipopi ya theka la inchi ndi ya magawo atatu a inchi imasiyana kukula. Gulani angapo, ngotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi mpopi watsopano. Tauni ikatalika, dulani labala wa chubu chakale cha galimoto molingana ndi wakaleyo. Adzakusungani masabata angapo, osati chaka. Musanabwezere mutu, pisani chala pokhalira washa: pakakhala mchenga pukutani, koma pakakhala pokumbika, washa watsopanonso sakhalitsa.

Madzi akamatuluka m'khosi, pansi pa chogwirira, mangitsani pang'ono nati yaing'ono ili pamenepo. Akamatuluka polumikizira paipi, masulani mpopi wonse, kulungani tepi yoyera ya amisiri pa mazinga kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kenaka bwezerani.

Nkhani imasintha pa mipopi yosakaniza madzi otentha ndi ozizira, imene ena mwa ophunzira athu akale akuika m'nyumba zatsopano. Wa zogwirira ziwiri zopotoza uli ngati mipopi iwiri m'thupi limodzi, ndipo mbali iliyonse imakonzedwa monga tafotokozera. Wa chogwirira chimodzi chokweza ndi kutsitsa ulibe washa. Mkati mwake muli kachibumwa ka pulasitiki kokhala ndi timbale tiwiri tolimba tosalala, tosisitana. Mchenga ukatikanda, palibe chodula pa chubu chimene chingathandize, mumasintha kachibumwa konse. Tambiri timakhala ta mamilimita 35 kapena 40, choncho nakonso muyende nako kusitolo. Kamamasulidwa mutachotsa kasikuluwu kobisika pansi pa kachizindikiro kofiira ndi kabuluu ka pa chogwirira.

Kunena zoona, nyumba yopanda giza sifunika mpopi wosakaniza. Ukafa, tsekani paipi imodzi, pa inayo muike mpopi wamba wamkuwa wopotoza. Wonyezimira wopepuka m'manja umakopa maso pamsika, koma nthawi zambiri ngwachitsulo chosachedwa kusweka, ndipo mazinga ake akatha sukonzeka. Ndalama yotsalayo mugulire kasefa koika potulukira thanki, kuti mchenga uzitsalira komweko.