Khungu la Mlimi Nalonso Ndi Munda: Zimene Sopo ndi Mafuta Odzola Amachita Pathupi

Mwezi wa Juni ukafika kuno ku Copperbelt, mvula imakhala italeka, mphepo yozizira ikuwomba ndipo fumbi lili ponseponse. Ndi nyengo imene miyendo imatuwa, milomo imasweka, ndipo zidendene zimachita ming'alu yoti n'kubisamo njere ya mapira. Pamene ena akudandaula za kuuma kwa khungu, anyamata ndi atsikana ambiri akulimbana ndi nkhope ya mafuta ndi ziphuphu. Onsewa amapita kumsika, kaya ku Chisokone mu Kitwe kapena ku Masala mu Ndola, kumene sopo ndi mafuta odzola ali mbwee, nagula potengera fungo, mtengo kapena chithunzi cha pabotolo. Ife tikufuna kuti mlimi azigula zinthu zimenezi monga agulira feteleza: ayambe wadziwa nthaka yake, kenako awerenge zimene zalembedwa pathumba.

Nthaka yamoyo ya pathupi

M'kalasi timaphunzitsa kuti nthaka yachonde ndi yamoyo, chifukwa muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa manyowa ndi kuteteza mizu. Khungu lilinso chimodzimodzi. Pamwamba pake pamakhala mabakiteriya ndi mafangasi osawerengeka, ndipo ambiri mwa iwo sabweretsa matenda. Mu 2009 akatswiri a ku America, otsogoleredwa ndi Elizabeth Grice ndi Julia Segre, adafufuza malo 20 a pakhungu la anthu 10 athanzi, napeza kuti thupi lili ndi zigawo zitatu, monga momwe famu imakhalira ndi munda wa kumtunda, dimba ndi dambo. Pali malo a mafuta, monga nkhope, chifuwa ndi msana. Pali malo achinyezi, monga m'khwapa ndi pakati pa zala za kumapazi. Ndipo pali malo ouma, monga mikono. Chigawo chilichonse chili ndi tizilombo take.

M'malo a mafuta mumachuluka bakiteriya wotchedwa Cutibacterium acnes ndi fangasi wotchedwa Malassezia, ndipo onse awiri amadya mafuta amene khungu limatulutsa. Palinso Staphylococcus epidermidis, amene amadzaza malo ndi kutulutsa zinthu zolepheretsa mbale wake woopsa, Staphylococcus aureus, kukhazikika. Woopsayu ndiye amayambitsa zithupsa ndi zilonda za mafinya. Munda wodzaza ndi mbewu yathanzi susiyira udzu malo. Momwemonso khungu lodzaza ndi tizilombo tabwino silipereka mpata kwa toipa.

Pansi pa tizilomboti pali chikopa chopyapyala chakunja, chomangidwa ngati khoma: maselo akufa ndiwo njerwa, ndipo mafuta apadera a pakati pake ndiwo matope omangira. Khoma limeneli limasunga madzi m'thupi ndi kutsekera kunja dothi, mankhwala ndi matenda. Matope akachoka pakati pa njerwa, madzi amathawa, khungu limauma, limayabwa, kenako limang'ambika. Dziwaninso kuti zikhatho ndi mapazi a pansi zilibe timatumba totulutsa mafuta. N'chifukwa chake ziwalo zimene mlimi amagwiritsa ntchito kwambiri ndizo zimayamba kusweka.

Asidi woipa m'munda, wabwino pakhungu

Chigawo chathu chimalandira mvula yoposa mamilimita 1,000 pachaka, ndipo mvula yambiri chotere imakokolola michere n'kusiya nthaka yowawasa, ya asidi wambiri. Ndicho chifukwa chake timathira laimu kuti muyeso wa pH ukwere ndipo chimanga chikule bwino. Pakhungu zinthu n'zotembenuka. Khungu lathanzi limafuna asidi pang'ono, pH ya pakati pa 4.5 ndi 5.5. Pa muyeso umenewu tizilombo tabwino timasangalala, matope a khoma lija amapangidwa bwino, pamene Staphylococcus aureus amavutika, popeza iye amakula bwino pH ikayandikira 7.

Sopo wamba wa mtanda ali ndi pH ya pakati pa 9 ndi 10. Amachotsa litsiro ndithu, koma amatenganso mafuta a khungu n'kukweza pH, ndipo pamapita maola angapo khungu lisanabwerere mwakale. Sopo wochapira zovala, wa ufa kapena wa phala, adapangidwira kusungunula mafuta pansalu, motero pathupi ndi wamphamvu mopitirira muyeso. Phulusa nalonso limakweza pH. Laimu wotentha ndi simenti yonyowa zimafika pa 12 kapena kuposa, ndipo zimawotcha khungu. Ndola ndi kwawo kwa laimu ndi simenti, choncho ambiri a ife timazigwira pomanga makola ndi nkhokwe. Laimu wa m'munda, amene ndi mwala wopera chabe, si waukali chotero, komabe amaumitsa manja. Kumbali inayo, madzi a mandimu amene ena amapaka pankhope ali ndi pH ya pafupifupi 2, ndipo amatha kuwaula khungu, makamaka munthu akatuluka padzuwa.

Pamenepa sitikuletsa sopo. Kusamba m'manja ndi sopo musanadye, pochokera kuchimbudzi, musanakame ng'ombe ndiponso mutagwira mankhwala kumapulumutsa moyo. Chofunika ndi kudziwa pomuika. M'manja, m'khwapa, kumaliseche ndi kumapazi mufunika sopo tsiku lililonse. Miyendo ndi mikono youma, ngati ilibe litsiro lomatirira, madzi ofunda amakwanira masiku ena. Madzi otentha kwambiri ndi kukwecha ndi chinkhupule cholimba zimagumula khoma lija. Sopo wolembedwa kuti ndi wopha majeremusi musamutayire ndalama zambiri: mu 2016 bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America, FDA, lidaletsa triclosan ndi mankhwala ena 18 mu sopo wosambira wa pakhomo, chifukwa opanga adalephera kusonyeza kuti amaposa sopo wamba ndi madzi.

Mitundu itatu ya zodzola

Zimene zili m'mafuta odzola tingazigawe patatu. Gulu loyamba ndi la zokoka madzi, monga glycerine ndi urea. Zimenezi zimagwira chinyezi n'kuchisunga m'chikopa chakunja. Glycerine amagwira bwino ntchito akasakanizidwa ndi madzi kapena akapakidwa pakhungu lonyowa. Yekha pakhungu louma amangomata. Urea timamudziwa ngati feteleza wobereketsa wa nayitrojeni 46 peresenti, koma amapezekanso mwachilengedwe pakhungu la munthu. Mafuta okhala ndi urea wa 5 mpaka 10 peresenti amafewetsa khungu louma, ndipo a 20 peresenti kapena kuposa amafewetsa zidendene zokhakhala. Urea ameneyu ndi woyengedwa mwapadera ndi woyezedwa. Wa m'thumba la feteleza ndi wa chimanga, osati wa thupi.

Gulu lachiwiri ndi la zotseka chinyezi. Mfumu yake ndi mafuta oundana ochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, amene Robert Chesebrough adawalembetsa mu 1872 ndi dzina la Vaseline. Mafutawa sapereka madzi koma amaletsa amene alipo kuuluka, monga momwe mapesi ophimbira bedi amasungira chinyezi. Mlimi wanzeru amayamba wathirira kenako n'kuphimbira. Choncho dzolani mutangotha kusamba, thupi lisanaumiretu. Phula la njuchi nalonso limatseka chinyezi, ndipo oweta njuchi angathe kusungunula gawo limodzi la phula m'magawo anayi a mafuta a mpendadzuwa pamoto wochepa, n'kupeza mafuta abwino a m'manja ndi zidendene.

Gulu lachitatu ndi la mafuta a zomera, amene amalowa pakati pa njerwa zija n'kusalaza khungu. Agogo athu ankadzola mafuta a nsatsi kalekale masitolo asanabwere. Koma mafuta a zomera sali ofanana. Mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2013, akatswiri a ku Sheffield ku England adapaka anthu akuluakulu mafuta a azitona pamkono wina ndi a mpendadzuwa pamkono winawo kwa milungu inayi. A azitona adafooketsa khoma la khungu, pamene a mpendadzuwa adalisunga ndi kuwonjezera chinyezi. Mbewu imene timalima tokha idaposa mafuta odula a m'sitolo.

Zonunkhiritsa ndi spiriti zimene zimaikidwa m'mafuta ena sizidyetsa khungu. Zonunkhiritsa zili m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa kuyabwa ndi totupa kawirikawiri, ndipo spiriti amaumitsa. Kwa munthu wa khungu losweka, mafuta opanda fungo ndiwo abwino.

Nkhope ya mafuta, ziphuphu ndi zikanga

Kuchuluka kwa mafuta a pankhope kumalamulidwa ndi mahomoni, makamaka pa msinkhu wa unyamata, osati ndi litsiro. Kusamba kasanu patsiku sikutseka kasupe wa mafutawo, kumangopweteka khungu. Chiphuphu chimabadwa pamene kabowo ka tsitsi katsekeka ndi mafuta ndi maselo akufa, Cutibacterium acnes n'kuswana m'katimo. Sambani nkhope kawiri patsiku ndi sopo wofatsa, ndipo musalole mafuta olemera a m'tsitsi kutsikira pamphumi, chifukwa amatseka timabowo. Salicylic acid amatsegula timabowo totsekeka, ndipo benzoyl peroxide amachepetsa bakiteriyayo, koma onse awiri amaumitsa khungu. Yambani pang'onopang'ono ndipo dikirani milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu musanaweruze. Mankhwala otsukira mano ndi spiriti si mankhwala a ziphuphu.

Malassezia sangathe kudzipangira yekha mafuta, choncho amadya amene awapeza, kuphatikizapo mafuta ambiri a zomera. Akachuluka m'nyengo yotentha ndi ya thukuta amabweretsa zikanga pachifuwa ndi pamsana, ndiponso amathandizira mfundu ya m'mutu. Kupaka mafuta a zomera pamalo otere kuli ngati kuthira manyowa pa udzu. Chofunika ndi mankhwala opha fangasi, monga ketoconazole kapena clotrimazole, motsatira malangizo a kuchipatala.

Mafuta oyeretsa khungu

Apa m'pamene pagona ngozi yaikulu. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mafuta ambiri oyeretsa khungu amakhala ndi chimodzi mwa zinthu zitatu. Choyamba ndi mankhwala a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni a matenda ena a khungu, oyenera kulembedwa ndi dokotala kwa masiku owerengeka. Akapakidwa miyezi yambiri amapyapyalitsa khungu, amasiya mizere yosafufutika, ndipo amagoneka asilikali a thupi oteteza khungu, mafangasi n'kufalikira momasuka. Chachiwiri ndi hydroquinone, amene akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amasiya mabala akuda bii osachoka. Dziko la South Africa lidamuletsa m'zodzola mu 1990. Chachitatu ndi mercury, amene amawononga impso ndi mitsempha ndipo amafika kwa mwana wosabadwa. Pangano la mayiko la Minamata la 2013, limene Zambia idavomereza, lidakhazikitsidwa kuti lichepetse chitsulo chimenechi, m'zodzola momwe.

Kwa ife alimi nkhaniyi ili pafupi kwambiri. Chipere cha mathole chimapatsira anthu, ndipo ambiri akachiona pamkono amagula kachubu ka mafuta osakaniza okhala ndi steroid. Kuyabwa kumaleka masiku oyamba, munthu n'kuyesa wachira, koma fangasi amakhala akutambalala, ndipo chiperecho chimasintha maonekedwe mpaka kuvuta kuchizindikira. Werengani maina a pachubu. Mukaona betamethasone kapena clobetasol, musapake pachipere. Kumbukiraninso kuti mtundu wakuda wa khungu ndi chishango ku dzuwa, ndipo munthu wotandala m'munda ndiye amachifuna koposa.

Manja osweka ndi ntchito ya pafamu

Khungu long'ambika limalowetsa mankhwala ophera tizilombo mosavuta kuposa khungu lathanzi. Mafuta odzola salowa m'malo mwa magolovesi, ndipo manja onona amamatirira mankhwala ndi fumbi lake. Popopera valani magolovesi a mphira osabooka, mukatha sambani ndi sopo ndi madzi ambiri, kenako dzolani. Kukhola la mkaka, manja a ming'alu amasunga Staphylococcus aureus, yemwe amayambitsanso matenda otupitsa bere, ndipo wokama angathe kumusamutsa kuchokera pa ng'ombe ina kupita pa inzake. Kusamalira manja a wokama ndi mbali ya ukhondo wa mkaka. Majombo nawo amasunga thukuta. Avuleni popuma, pukutani bwino pakati pa zala, ndipo musaikepo mafuta, chifukwa malowo ndi achinyezi kale.

Mu mpingo timaphunzira kuti ndife akapitawo a thupi monga tilili akapitawo a nthaka, ndipo kudziletsa kumatanthauza kusiyiratu zovulaza ndi kugwiritsa ntchito zabwino mwa muyeso. Pa nkhani ya khungu zofunika n'zochepa ndi zotsika mtengo: sopo wofatsa, madzi ofunda, glycerine, mafuta otseka chinyezi, chipewa ndi magolovesi. Chikopa chakunja chimadzikonzanso m'milungu pafupifupi inayi, choncho perekani mwezi wathunthu kuti muone kusintha. Koma chilonda chikakhala ndi mafinya, totupa tikamafalikira, kapena vuto likapitirira milungu iwiri osasintha, pitani kuchipatala cha kwanu, kumene angakutumizeni ku Kitwe Teaching Hospital kapena ku Ndola Teaching Hospital ngati kuli kofunika. Odwala matenda a shuga asadikire nkomwe akaona mng'alu kuphazi. Amene mwapaka mafuta a steroid kwa nthawi yaitali, funsani achipatala njira yosiyira, popeza kusiya mwadzidzidzi kumatha kubutsa khungu, ndipo tengani chubu kapena botolo lake kuti akaone zimene zalembedwapo.