Wapolisi watsopano amatengera kwa ndani?

Ndikaona achinyamata ongotuluka kumene kusukulu ya apolisi ku Kanjedza atayima pa rodibuloko, maso anga amakhala pa mkulu amene ali nawo. Zomwe iyeyo achita, kaya kulemba mlandu mwachilungamo, kaya kulandira "ya fanta", anawo amatengera zomwezo.

Nchifukwa chake apolisi a ku San Jose, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anayamba kusula apolisi akalekale kuti akhale alangizi a atsopano. Mlangizi amagwira ntchito limodzi ndi wophunzirayo, ndipo tsiku lililonse amalemba lipoti: wayankhula bwanji ndi anthu, malamulo akuwadziwa, wapsa mtima kapena ayi. Wolephera mobwerezabwereza samukhazikitsa pantchito.

Komatu kukhalitsa pantchito si khalidwe ayi. Derek Chauvin, yemwe anapha George Floyd ku Minneapolis pa 25 Meyi 2020, anali mlangizi wotere, wa zaka 19 pantchito. Awiri mwa apolisi amene anali naye tsikulo anali m'sabata yawo yoyamba, ndipo nawonso anakalowa m'ndende.

Ndiye mabwana apolisi m'tauni muno, tiuzeni: amene mukumupatsa anawa mumamusankha bwanji? Nanga iyeyo amamuyesa ndani?