Musanasonkhe ndalama ya app ya kusukulu, yambani mwaiyesa

Ngati mwana wanu ali mu sitandade 1 mpaka 4 pasukulu ya boma, mwina wayamba kale kusimba za tabuleti akamaweruka. Kuyambira mu 2023, Unduna wa Zamaphunziro ukufalitsa ndondomeko ya BEFIT, momwe ana amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti otchajidwa ndi sola. Kumeneko app inasankhidwa kale, ndipo ndi ya bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion. Pofunika maso anu ndi kusukulu zomwe si zaboma ndi za mkombaphala, kumene kalata imangobwera yoti kholo lililonse lisonkhe ya tabuleti ndi ma app. Ndalama ndi yanu, maso ndi makutu ndi a mwana wanu, choncho kufunsa si mwano.

Funso loyamba kwa aphunzitsi aakulu kapena wogulitsa likhale lakuti: ndani anaiyesa app imeneyi, ndipo anayesa pa ana ati? Kuchipatala sitipereka mankhwala chifukwa choti botolo lake ndi lokongola. Mu 2015, Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachitikira pasukulu ina ya pulayimale ku Lilongwe. Ana anagawidwa patatu. Ena ankachita masamu pa app kwa mphindi 30 patsiku, ena anapatsidwa tabuleti yopanda app ya masamuyo, ena ankangophunzira mwa masiku onse. Patatha masabata 8, ana a sitandade 2 ndi 3 amene anali ndi app ya masamu anaposa magulu ena awiriwo. Gulu lachiwiri lija ndi limene likutiuza zambiri: linagwira tabuleti yomweyo, koma silinafike pamene anafika anzawo. Chophunzitsa ndi zimene zili m'katimo. Wogulitsa amene akungotama kukula kwa sikirini sanakuyankheni.

Kenako pemphani kuti komiti ya makolo iigwire yokha, ndipo pakhale mwana mmodzi kapena awiri a msinkhu woyenera. Zimitsani intaneti muone ngati ikugwirabe ntchito, chifukwa app yodya bandulo tsiku lililonse mudzailipira mpaka chaka kutha. Mverani chinenero. Mwana wa zaka 6 amene akungoyamba kulumikiza zilembo amagwira msanga m'chinenero chimene amalankhula kunyumba. Ndiye muuzeni mwanayo alakwitse dala. App yabwino imamubweza, n'kumuonetsa pamene waphonya. Yachabechabe imangolira kabelu n'kumupatsa nyenyezi, ndipo mwana amaphunzira kungodinadina mpaka zitatheka.

Mawu oti "yaulere" muwasamale. Ma app ambiri a pa Google Play amapeza ndalama poonetsa malonda, ndipo ena amatseka maphunziro a patsogolo mpaka mutalipira. Funsani ngati mtengowo ndi wa kamodzi kapena wa mwezi ndi mwezi, wa tabuleti imodzi kapena wa kalasi yonse. App ya masamu ikamapempha chithunzi cha mwana, malo amene ali kapena manambala a m'foni, ikanidwe. Masamu safuna zimenezo.

Tsopano za thupi, zomwe kawirikawiri sizikambidwa pamsonkhano wa makolo. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Ola limenelo likuwerengera ndi katuni ya madzulo pafoni ya mayi ake. Sukulu ya mkombaphala yolonjeza tabuleti m'mawa wonse ikulonjeza chinthu cholakwika.

Munthu akayang'anitsitsa sikirini amaphethira mochepa, n'chifukwa chake maso amauma, kuyabwa ndi kufiira. Pakatha mphindi 20 zilizonse mwana ayang'ane patali kwa masekondi 20, ndipo nthawi yosewera panja isadulidwe chifukwa cha tabuleti, pakuti kuwala kwa panja kumachepetsa vuto losaona patali. Mwana amene amagunditsa tabuleti pamphuno, kutsinzinira kapena kudandaula mutu akapimidwe maso. Nthawi zina tabuleti imangoulula vuto limene linalipo kale.

Inu odzipereka pa zaumoyo, mukapita pasukulu onaninso mahedifoni. Ngati mukumva mawu muli chapatali mwana atavala, ndiye kuti akweza kwambiri, ndipo phokoso lotere likapitirira limawononga makutu mosabwerera. Mahedifoni ndi matabuleti obwerekana azipukutidwa gulu lina lisanalowe. Mwana wotuluka mafinya m'khutu, wa zipere za m'mutu kapena wa maso ofiira otulutsa manthongo alandire kaye chithandizo ndipo asabwerekane zipangizo ndi anzake mpaka atachira.

Za khunyu pali mantha opitirira. Ndi ochepa okha mwa odwala khunyu amene amagwa chifukwa cha kuwala kothwanima, choncho mwana wa khunyu asachotsedwe m'kalasi ya tabuleti. Mphunzitsi adziwitsidwe, mwana apitirize kumwa mankhwala ake, ndipo app yothwanimathwanima isagulidwe n'komwe. Ngati anagwapo akuonera TV kapena foni, bwerani naye kuchipatala tikambirane asanayambe maphunzirowo.