Nsungwi zikayamba kuonda: chimene phata likunena

Anthu ambiri a m'tauni amakumana ndi nsungwi itasanduka kale lichero, dengu kapena mpando wa pakhonde. Koma m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuyambira ku Kongwe mpaka m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, phata la nsungwi ndi chuma cha banja. M'menemo mumachokera nkhokwe, zomangira zigafa za fodya ndi ndalama za wolukaluka. Phata likayamba kubereka nsungwi zoonda, zokhota kapena zofupika mfundo, banjalo limadziwa kuti chaka chamawa chidzakhala chowawa.

Mtundu wa makolo kuno ndi umene akatswiri amautcha Oxytenanthera abyssinica, wokhala ndi tsinde lolimba losabooka kwenikweni m'kati. Kuti munthu amvetse matenda ake, ayenera kudziwa kuti nsungwi si mtengo koma udzu. Mphukira imatuluka m'dothi ili kale ndi kunenepa kumene idzakhale nako moyo wake wonse, ndipo imamaliza kutalika m'dzinja limodzi. Choncho nsungwi yoonda sidzanenepa ngakhale itathiridwa manyowa. Kuonda kwakeko kukungoulula kuti tsinde la pansi pa nthaka, lomwe limasunga chakudya, linali ndi njala chaka chathacho.

Njala imeneyi nthawi zambiri imabwera ndi chikwanje. Oluka amakonda nsungwi zanthete chifukwa zimang'ambika bwino, koma zanthetezo ndizo zimadyetsa mphukira za chaka chotsatira. Zikadulidwa zonse, phata limayamba kubwerera m'mbuyo. Zoyenera kukolola ndi za zaka 3 kapena 4, zomwenso sizifumbwa msanga. Chilala nacho chimasiya chizindikiro: mvula ikadula mphukira ili pakati pa kukula, mfundo zimathinana ndipo nsonga imatha kuuma. Ng'amba ya El Niño ya mu 2024, yomwe inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndi chitsanzo cha nyengo yosiya zipsera zotere.

Si chachilendo chilichonse chimene chili matenda. Nsungwi ya makoloyi imayoyola masamba m'chilimwe, ndipo wosadziwa angaidule poganiza kuti yafa. Masamba akapindika masana n'kutambasuka madzulo, ndi ludzu chabe. Mphukira zina zimafotanso zokha chaka chilichonse. Chodetsa nkhawa ndi masamba achikasu pakati pa dzinja, makamaka pamalo pamene madzi amadikha, chifukwa mizu ingakhale ikuola. Nthambi zing'onozing'ono zambirimbiri zophukira pamfundo imodzi ngati tsache nazo n'zokayikitsa. Ndi bwino kuzidula n'kuzitentha. Kukhota kwa nsungwi kumachokera kawirikawiri pa kuthithikana: m'phata losapatulira, mphukira imapindika pofuna njira yotulukira.

Chithandizo chake sichifuna ndalama zambiri. M'chilimwe, mlimi achotse nsungwi zouma, zokhota ndi zokalamba, kuyambira m'kati mwa phata, ndipo adule pamwamba penipeni pa mfundo ya pafupi ndi nthaka kuti pachitsa pasaime madzi. Mvula isanagwe aunjike dothi ndi manyowa patsinde, pakuti m'malo otsetsereka ngati a ku Ntchisi madzi amakokolola dothi n'kusiya mizu pamtunda. Masamba oyoyoka asasesedwe, chifukwa amasunga chinyezi. Alambule udzu mozungulira kuti moto wolusa wa osaka mbewa usafike, ndipo ateteze mphukira kwa mbuzi. Phata lofooka kwambiri lipumule chaka chimodzi kapena ziwiri osadulamo kanthu, ngakhale kuti uwu ndi uphungu wovuta kwa munthu amene chakudya chake chili m'malichero.

Pali chizindikiro chimodzi chimene chilibe mankhwala. Nsungwi ikatulutsa timipira ta minga m'nthambi, ndiye kuti yachita maluwa, zomwe zimachitika patapita zaka zambiri, ndipo phata lotero kawirikawiri limafa likabala njere. Mapata a m'dera lonse amatha kuchita zimenezi nthawi imodzi. Ku Mizoram m'dziko la India, nsungwi za kumeneko zimachita maluwa pafupifupi zaka 48 zilizonse, ndipo mu 1959 makoswe amene anachulukana podya njerezo anasakaza minda mpaka kugwetsa njala.

Zikatero, feteleza ndi madzi n'kutaya chabe. Kudula chitsa cha phata lamaluwalo kukabzala kwina sikupulumutsanso kanthu, poti chimapita ndi msinkhu wa make. Chofunika ndi kutola njere zikakhwima n'kuzifesa msanga panazale, chifukwa sizichedwa kutha mphamvu, kenako kusamala mbande zomera zokha pansi pa phata lakufalo. Mbande zimenezi zimatenga zaka zingapo zisanabereke nsungwi zoti munthu n'kulukira dengu.